Maatomu a Nyemba ndi Waya wa Kumgodi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza nditasenza thiranki ya munthu wina. Munthuyo anali msuweni wanga Alifeyo, ndipo thirankiyo anagula ndi bambo anga ondibala ine.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Tinkakhala m'komboni ya mgodi wina waung'ono wa golide ku Battlefields, kufupi ndi Kadoma, imene masiku amenewo inkatchedwa Gatooma. Bambo, a Banda, anali Mchewa; anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo ankagwira ntchito pansi, m'gulu la ophulitsa miyala. Mayi anali Mzezuru, wolankhula Chishona, wa ku Mhondoro. Ine Laisoni ndinabadwira pakati pa mitundu iwiriyi, ndipo pakati pomwepo ndi pamene ndinagwera. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, womuyang'anira ndi malume ake. Kwa Azezuru mwana ndi wa bambo wake, makamaka ngati ng'ombe za malowolo zinalandiridwa, ndipo za mayi anga zinalandiridwa. Choncho bambo akandiyang'ana ankaona mwana wa anthu a ku Mhondoro, ndipo abale a mayi akandiyang'ana ankaona kamwana ka munthu wa ku Nyasalande. Onse ankandikonda ndithu, koma aliyense ankayesa kuti pali wina amene akundisamala.

Alifeyo anali mwana wa azakhali anga a Nabanda. Bambo ake atamwalira, azakhali anamutumiza kwa mlongo wawo, ndipo anafika kwathu ndi kabudula mmodzi, miyendo ili mbuu. Tinkagona mphasa imodzi, tinamaliza Sitandade 6 chaka chimodzi, ndipo tonse tinakhoza. Mphamvu za bambo zinali zokwanira mwana mmodzi yekha. Sanataye nthawi n'kuganiza. Anati Alifeyo ndi mbumba yawo, apite ku sekondale ya mishoni kufupi ndi Chegutu, imene tinkaitcha Hartley, ndipo ine ndimuperekeze chifukwa thiranki inali yolemera.

Tinakwera sitima, n'kudutsa Gatooma, Alifeyo ali pawindo atavala nsapato zolira, ine nditakhalira thiranki. Titatsika ku Hartley tinapeza ngolo ya ng'ombe ya mishoni, ndipo pambali pake panali bambo wamtali wovala tayi akukangana ndi anthu otsitsa katundu. Anali a Marufu, mphunzitsi wa sayansi, ndipo m'mabokosi amene ankaponyedwawo munali magalasi a m'labotale yatsopano. Ine, pofuna kuti ndisaone mmene anyamata a sukulu ankamulandirira Alifeyo, ndinayamba kunyamula mabokosiwo, kuyala udzu pansi pa ngolo, n'kumangirira ndi luzi kuti asagundane. Titafika pasukulu n'kutsegula, sichinasweke kanthu kupatula zimene zinasweka kale pasiteshoni. A Marufu anandifunsa ngati ndimadziwa kuwerenga Chingerezi cha pamabotolo. Nditawerenga, anati ndisabwerere kumgodi.

Umu ndi mmene ndinalowera m'kalasi imodzi ndi msuweni wanga, iye pabenchi, ine kuseri kwa chitseko nditavala epuloni ya kaki.

Ntchito ya m'labotale ndi kutsuka. Machubu agalasi oyesera mankhwala ndinkawatsuka ndi kaburashi kozungulira ndi sopo, n'kuwatsukuluza ndi madzi a mvula a m'thanki, chifukwa madzi a pachitsime ankasiya zoyera m'galasi. Kenako ndinkawazondotsa pazikhomo zamtengo kuti aume okha. Kuwapukuta ndi nsalu kunali koletsedwa. Gasi kunalibe, choncho m'mawa uliwonse ndinkathira sipiliti m'tinyali totenthetsera, n'kudula zingwe zake kuti moto uzikhala wabuluu wopanda mwaye. Posungunula asidi lamulo linali limodzi: asidi ndiye amathiridwa m'madzi, pang'onopang'ono, osati madzi m'asidi. Mabotolo ndinkawaika malemba akuyang'ana kutsogolo, ndipo pothira ndinkagwira mbali ya malembayo kuti dontho lisatsikire papepala n'kudya dzina.

Botolo limene a Marufu ankaliopa kwambiri linali la sodiyamu, ndipo linkakhala m'kabati yokhoma. Sodiyamu ndi chitsulo, koma chofewa ngati sopo wonyowa, ndipo sichigwirizana ndi madzi ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake chimasungidwa chitamizidwa m'palafini. Tsiku loyamba anandionetsa kachitidwe kake: kutulutsa ndi chopanira chouma, kuika pathayilo louma, kudula ndi mpeni wouma, kupukuta palafini ndi pepala, chotsalacho n'kubwezera msanga m'botolo. Pamalo podulapo pamawala ngati shilingi yatsopano, kenako pamachita chimbuuzi uli chipenyere.

"Njere ya mpunga, Laisoni," anatero. "Ikapitirira pamenepo si phunziro ayi, ndi maliro."

Zotsuka ndinazizolowera msanga. Chimene sindinachizolowere ndi kumva phunziro kudzera pakhomo. Kachipinda kanga kanali kogundana ndi kalasi, ndipo ndinkasiya chitseko chotsekula pang'ono. A Marufu anapachika pakhoma tchati chachikulu cha maelementi, chilichonse m'kabokosi kake ndi nambala yake. Anafotokoza kuti elementi ndi chinthu chimene sungachiphwanye n'kupezamo zinthu zina, monga chitsulo, mkuwa, kaboni wa m'makala, okosijeni amene timapuma, ndi golide. Anati chilichonse chinapangidwa ndi maatomu, tinthu tosaoneka ngakhale ndi galasi lokulitsa, ndipo atomu ili ndi phata pakati, lotchedwa nyukiliyasi, mmene muli mapulotoni ndi manyutuloni. Kunja kwa phatalo kumazungulira maelekitironi, m'mizere yawo: mzere woyamba umakwana awiri, wachiwiri asanu ndi atatu. Chimene chimasiyanitsa elementi ndi inzake ndi kuchuluka kwa mapulotoni, ndiye nambala ija ya m'kabokosi. Ine ndinaima ndi kaburashi m'manja, madzi a sopo akutsikira m'chigongono. Zinthu zonse za padziko, mwala umene bambo ankaphulitsa, mpweya, thupi langa lomwe, zonse zinali patchati chimodzi chimenecho.

Kenako a Marufu ankafunsa funso, ine n'kuyankha mumtima, ndipo mawu amene ankamveka m'kalasi anali a Alifeyo. Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti anali mbuli. Sanali. Mutu wake unkagwira kwambiri, ankayankha bwino kuposa mmene ndikanayankhira ine, ndipo zimenezo n'zimene zinkandipweteka koposa. Munthu wopusa akakudyera malo umadzitonthoza kuti dziko n'lokhota. Nanga wanzeru? Nsanje inandilowa mpaka ndinayamba kudana ndi kakhosomoledwe kake. Phunziro likatha ankabweretsa machubu ake akuda n'kundiseka mwachisuweni, amvekere wantchito wake atsuke bwino chifukwa bwana abweranso mawa. Asuweni amanyozana, ndi mwambo, ndipo ine ndinkabwezera kuti bwana wanji wofika kuno ndi matekenya. Tinkaseka tonse, koma iye yekha ndiye ankaseka zenizeni.

Anyamata ambiri zamaatomuzi zinkawazungulira mutu. Zojambula pabolodi zinkangooneka ngati mawilo a njinga. Tsiku lina a Marufu anadandaula kuti masukulu a azungu m'tauni ali ndi maatomu ogwirika amipira yopaka utoto, oitanitsa kunja, pamene iwo ali ndi choko basi. Ndinawauza kuti andipatse sabata ziwiri.

Kwathu waya sunkasowa. Bambo ankabwera ndi timawaya tamkuwa totsala akaphulitsa miyala, ndipo ndili wamng'ono anandiphunzitsa kupanga misampha ya mbewa ndi zikwere za mbalame. Iwo anali amanzere, choncho ankapotera waya kumanzere, n'kupinda nsonga kuibisa pansi pa mfundo kuti isabaye chala. Ine ndine wa dzanja lamanja, koma waya ndimapotera kumanzere mpaka lero, chifukwa ndi mmene ndinaonera. Loweruka lina ndinapita kukomboni n'kubwera ndi mtolo wa wayawo. Phata ndinaumba ndi dothi la pachulu, n'kumatamo nyemba zofiira kukhala mapulotoni ndi chimanga choyera kukhala manyutuloni. Mizere ndinapinda ndi waya, ndipo maelekitironi anali mikanda yabuluu imene ndinapempha kwa mayi. Haidirojeni inali yosavuta, nyemba imodzi ndi mkanda umodzi. Kaboni nyemba zisanu ndi imodzi, okosijeni zisanu ndi zitatu. Imene ndinaikonda inali sodiyamu: nyemba khumi ndi imodzi, chimanga khumi ndi ziwiri, mikanda iwiri mumzere wamkati, isanu ndi itatu mumzere wapakati, ndi umodzi wokha kunja kwenikweni. Pambali pake ndinaika kololini, amene mumzere wake wakunja muli mikanda isanu ndi iwiri, n'kupanga kuti mkanda wa sodiyamu uja uzitheka kuchotsa n'kukoweka kwa kololini. A Marufu ankati ukatero wapanga mchere wa m'ndiwo, ndipo ngakhale anyamata a kumbuyo, ogona aja, anadzuka.

Patapita mwezi anankafumbwe anadya nyukiliyasi ya okosijeni mpaka inasanduka nayitirojeni. A Marufu anaseka mpaka kugwira khoma, amvekere akatswiri a kunja amafunika makina aakulu kuti asinthe elementi, pamene kuno tizilombo tachita ulere. Kuyambira pamenepo nyemba ndinkayamba ndazikazinga, n'kuzipaka vanishi.

Ndi nthawi imeneyo pamene anandiitana n'kundiuza nkhani imene inandisowetsa tulo. Anali atalankhula ndi mkulu wa sukulu. Januwale wotsatira ndikanatha kulowa Fomu 1, n'kumagwirabe ntchito ya m'labotale masana m'malo mwa fizi. Koma za kugonera, yunifolomu ndi mabuku zinkafunika kholo loti lizisenze, ndipo mkuluyo sankalandira mwana popanda kholo kudzavomera pamaso pake. Msinkhu wanga unali utafika kale pamalire; Januwale ameneyo akadutsa, chitseko chikanatsekeka. A Marufu anati kukubwera tsiku la makolo, bambo adzabwera ndithu chifukwa cha Alifeyo, ndipo akadzaona zimene manja anga apanga iwo adzawapempha pomwepo. Anandiuza kuti ndisatsogoze mawu, ndisiyire iwo.

Sabata yonse ndinapukuta labotale ngati mukubwera mkwatibwi. Maatomu ndinawapachika ndi ulusi pamtanda wa denga, motsatana ndi manambala awo, kuti mphepo ikalowa azizungulira. Mfundo iliyonse ndinaikonzanso. Ndinkadziuza kuti munthu sangalephere kuzindikira waya wochokera m'thumba la jekete lake lomwe.

Tsikulo linafika kukutentha, mu Okutobala. Bambo anabwera okha, mayi atatsala ndi ana. Anavala jekete lawo lakuda lopitira kumaliro ndi kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Atandiona pakhomo anandifunsa ngati ndikudya bwino, ndinati eya, kenako maso awo anapita kwa Alifeyo amene anaima patsogolo atavala malaya oyera, ndodo yolozera ili m'manja. Iye ndiye anasankhidwa kufotokozera makolo, pokhala woyamba m'kalasi. Anafotokoza mwaluso, m'Chingerezi, m'Chishona, ndipo poona bambo anaonjezera Chinyanja. Anatsitsa sodiyamu, n'kuonetsa mkanda wa wokha uja, n'kuukoweka kwa kololini. Azimayi anaombera m'manja. Aliyense anangoganiza kuti maatomuwo apanga ndi ana a sukulu. Alifeyo sananame ayi, kungoti palibe anamufunsa.

Bambo anatambasula dzanja, Alifeyo n'kuwapatsa atomuyo. Anaitembenuza, n'kuyendetsa chala chachikulu pamfundo ya waya, pamene pali nsonga yobisika. Anakweza maso n'kundiyang'ana. Kenako anatembenukira kwa Alifeyo n'kufunsa kuti nanga golide amene iwo akhala akumukumba moyo wawo wonse ali ndi nyemba zingati. Alifeyo anayankha osayang'ana n'komwe patchati kuti makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi, ndipo bambo anapukusa mutu mokondwa, n'kuuza bambo wina amene anali pambali pawo kuti ameneyu ndi mwana wa mlongo wawo. Ndinamva ngati ndameza khala lamoto. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanazula atomu iliyonse padengapo n'kukadyetsa nkhuku.

Chomaliza chinali kuonetsa sodiyamu m'madzi. Ndinadzaza beseni lagalasi theka, n'kuimika patsogolo pake galasi la windo la m'felemu yamatabwa limene tinkatchingira nalo. Koma anthu anali atadzaza mpaka pakhonde, dzuwa linkawala pagalasipo, ndipo akumbuyo anayamba kung'ung'udza kuti sakuona. A Marufu, amene tsiku limenelo nawonso ankafuna kuoneka pamaso pa mkulu wa sukulu, anachotsa galasilo n'kuliika pambali. Atayang'ana kanjere kamene ndinadula pathayilo anandinong'oneza kuti ndidule chokulirapo, chonga mtedza. Ndinawakumbutsa za njere ya mpunga.

"Lero lokha," anatero.

Ndinadula. Alifeyo anatola ndi chopanira n'kuponya m'madzi. Chinasungunuka kukhala kampira konyezimira, n'kuyamba kuthamanga pamwamba pa madzi chikulira ngati nyama m'mafuta. Anthu anasuzumira. Kenako chinakakamira m'mbali mwa beseni, chinaleka kuthamanga, n'kuyaka moto wachikasu. Musandiyese ngwazi. Sindinaganize zopulumutsa munthu ayi. Ndinangoganiza kuti chikaphulika anena ine, choncho ndinatambasula dzanja kuti ndikoke galasi lija ndibwezere pamalo pake. Ndisanalifikitse chinaphulika. Beseni linang'aluka, madzi anamwazika, ndipo timadontho tamoto tinandigwera pamkono wamanja ndi m'khosi, pamene Alifeyo amene anali kuseri kwanga anangonyowa malaya.

"Basopa!" Awo anali bambo, kukuwa monga amakuwira pansi pa mgodi mwala ukamagwa. Analumpha benchi, munthu wamkulu wa jekete, n'kundidutsa ine mpaka phewa lawo linandikhudza. Anamugwira Alifeyo kumaso ndi manja awiri, n'kumutsegula zikope, akufunsa ngati akuona. Mkono wanga unkaotcha ngati wathiridwa phala lowira, koma ndinaima pomwepo n'kumaonerera. Amene anati, "Malume, Laisoni wapsa," anali Alifeyo, ndipo ngakhale zimenezo ndinamuchitira nsanje, kuti mpaka kupsa kwanga bambo akumve kuchokera kwa iye.

A Marufu anandikokera kuthanki n'kutsegula mpopi. Zotere zimafuna madzi ambiri, nthawi yaitali, osapaka mafuta kapena china chilichonse. Ankangobwereza kuti cholakwa n'chawo. Bambo anatitsatira, atomu ija ataitolanso m'manja. Anayang'ana mkono wanga n'kunena kuti zipola, iwo anaonapo zoposa apa. Pomwepo, madzi akutayika, a Marufu anayamba nkhani ija. Anati mwana wawoyu ali ndi mutu ndi manja omwe, malo alipo Januwale, ndipo chofunika ndi mawu awo okha ndi zogonera. Anatsala pang'ono kunena za maatomu, koma bambo anawadula mwaulemu.

"Aphunzitsi, mwachita bwino kumuganizira. Koma uyu ali ndi amalume ake ku Mhondoro. Ine ndasenza kale wa mlongo wanga. Ndikasenza awiri onse agwa."

A Marufu, pokhala Mzezuru, anangoti kukamwa yasa. Anafunsa kawiri ngati ine sindine mwana wawo wobala, ndipo bambo anayankha kawiri kuti ndine, osaona n'komwe chimene mphunzitsiyo akudabwa nacho. Madzulo a Marufu anapereka atomu ya sodiyamu ija kwa Alifeyo ngati mphoto ya kufotokoza bwino, mwina pofuna kuti anthu aiwale za beseni, ndipo Alifeyo anaipereka kwa malume ake. Ndinawaperekeza mpaka pangolo mkono uli m'bandeji. Bambo anakwera atainyamula mosamala ngati dzira.

Mayi atamva anakwera basi kupita ku Mhondoro. Anabwerako ndi nkhuku, maungu awiri ndi yankho. Alongo awo anati ng'ombe anadya kale, mwana ndi wa a Banda, ndipo sanamvepo kuti munthu angasiye wake n'kumaphunzitsa wa mwini. Mayi anakhala sabata osalankhula ndi bambo, sadza ankangowaikira pakhomo. Januwale anafika, anyamata atsopano analowa Fomu 1, ndipo ine ndinawagawira machubu. Atomu ina ya sodiyamu ndinapanga, chifukwa phunziro silikanayenda popanda iyo, koma sindinaikongoletse ngati yoyamba ija. Yoyambayo inapachikidwa m'nyumba mwathu kukomboni, ndipo mlendo aliyense ankauzidwa kuti zimenezi ndi za kusukulu kwa Alifeyo.

Ntchitoyo sindinaisiye. Ndinakhala ndi a Marufu zaka zingapo, kenako ndinalowa m'chipinda choyezera golide pamgodi wina ku Kadoma, n'kudzabwereranso m'malabotale a sukulu mpaka kupuma. Alifeyo anapitiriza maphunziro n'kukhala wosakaniza mankhwala pachipatala. Anali munthu wabwino, ndipo zimenezo sindinamukhululukire. Akanakhala wonyada ndikanapeza pogwira.

Bambo atakalamba chifuwa cha fumbi la mgodi chinawagwira, ndipo anadzakhala kwa ine kuno ku Pfupajena, m'tauni ya Chegutu. Alifeyo ankabwera ndi mankhwala pagalimoto yake, koma wowasambitsa ndi kuwatembenuza ndinali ine, mwana wa anthu a ku Mhondoro. M'katundu wawo wochepa munali atomu ija. Dothi linali litang'ambika, nyemba zambiri zitagwa, waya utada, koma mikanda inalipo yonse. Masana ena ndikuwameta ndevu pakhonde anandiuza kuti ndiwabweretsere atomuyo. Anayendetsa chala pamfundo, monga anachitira tsiku lija.

"Kupotera kumanzere, nsonga yobisa," anatero. "Alifeyo sangapinde ngakhale mbedza. Ndinadziwa nditangoigwira."

Ndinaika lumo pansi. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sananene, pamaso pa anthu onse aja, kapena pathanki, kapena zaka zonsezi.

Anakhosomola nthawi yaitali asanayankhe. "Ndikanati ndinene ndi pakamwa kuti wapanga ndi mwana wanga, sindikanathanso kukana. Ndiye mlongo wanga ndikanamuuza chiyani?"

Ndinamaliza kuwameta. Sindinawakalipire, komanso sindinawauze kuti zilibe kanthu, chifukwa zinali ndi kanthu. Zaka zonsezo ndinkadzitonthoza kuti bambo sanaone. Tsopano ndinadziwa kuti anaona, anayeza, n'kusankha, ndipo anasunga waya wanga pakhoma moyo wawo wonse pansi pa dzina la munthu wina.

Achinyamata amene akufuna ntchito ya m'labotale amandifunsa kuti chofunika kwambiri n'chiyani. Ndimawauza kuti njere ya mpunga ndi njere ya mpunga, kaya wabwera ndani, kaya amene anakuphunzitsa lamulolo ndi yemwe akukuuza kuti lero lokha. Chipsera chili pamkonopa, ndimawaonetsa. Chachiwiri sindinachiphunzire m'botolo. Mwana akapanga chinthu chabwino, tchula dzina lake mokweza tsiku lomwelo, ngakhale ulibe choti umupatse. Ana anga ndi ana a mlongo wanga ndinawaphunzitsa onse, mbali zonse ziwiri, ndikuyenda ndi nsapato zoboola, kuti pasapezeke wogwera pakati.

Nsanje yokha ndiye sinathe, ndisakunamizeni. Alifeyo naye anakalamba, ndipo akabwera kudzacheza amakhala pampando wanga wabwino n'kumanditchulabe wantchito wake. Atomu ija ndinaimata nyemba zatsopano, ili pakhoma m'chipinda chochezera. Mlendo akaloza n'kufunsa kuti chimenechi anapanga ndani, ndimayankha msanga, Alifeyo asanatsegule pakamwa.